Jasi ya chiperoni ya anthu a thupi: ntchito ya matelala a pa Chitakale

Munthu wa thupi akafuna jasi pa kaunjika, nkhani yake imakhala yomweyomweyo. Ikakwana pamapewa, mabatani sakumana pamimba. Ikatseka pamimba, mapewa a jasi agwera pakati pa mkono, manja ake n'kumeza zala. N'chifukwa chake ambiri amangogwa ulesi n'kufunda chitenje pamwamba pa juzi chiperoni chikakhazikika mu Juni ndi Julayi, masiku amene phiri la Mulanje limasowa m'nkhungu ndipo kamvula kamawaza tsiku lonse osaleka.

Pa Chitakale, mukapatuka pa msewu wa M2 kulowera njira ya ku Likhubula, pali kashopu ka matelala awiri ndi mnyamata wophunzira ntchito. Kupatula mayunifolomu ndi madiresi a zitenje, amasokanso majasi a mtundu wa trench coat motengera thupi la mwini wake. Taona majasi awo atatu, awiri a amayi ndi imodzi ya abambo, tawatembenuza kunja ndi mkati, ndipo taonerera akuyeza ndi kudula yachinayi. Pa kudula ndi akatswiri. Pa kumalizitsa akadali ndi ngongole.

Jasi ya mtunduwu ili ndi tizidutswa tambiri, ndipo kalikonse kanabwera ndi ntchito yake. Inatchuka ndi akuluakulu a asilikali a ku Britain pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo nsalu yake yeniyeni ndi gabardine, imene Thomas Burberry anayambitsa mu 1879. Timalamba ta pamapewa tinali tokolekapo zizindikiro za udindo. Chivindikiro cha pachifuwa ndi china cha kumsana n'zoti madzi azitsetsereka osalowa m'misoko. Timalamba ta kumapeto kwa manja n'tomanga kuti mvula isayenderere m'mkono. Kutsogolo mbali ziwiri zimapitirirana, mabatani ali m'mizere iwiri, ndipo m'chiuno muli lamba. Zonsezi pa munthu wochepa thupi zimangokhala bwino zokha. Pa munthu wa thupi, chilichonse mwa izi chikhoza kukongoletsa kapena kuwononga jasi yonse, malingana ndi pamene chaikidwa.

Chimene shopuyi imapambanira ena ndi pa kuyeza. Telala wamba amatenga miyeso inayi, chifuwa, chiuno, mbina ndi kutalika, kenako n'kukulitsa patani mbali zonse mofanana. Apa ndi pamene jasi imafera. Thupi likamakula, mafupa a mapewa sakula nawo. Mayi amene mbina yake yawonjezera masentimita 30 mapewa ake amakhala atangosintha pang'ono chabe, ndiye mukakulitsa patani yonse mumapeza jasi yonga hema: khosi lotseguka, mapewa olendewera, mkhwapa wofika m'nthiti. Matelala awa amayeza chifuwa kawiri. Koyamba tepi imadutsa m'khwapa, pamwamba pa mabere. Kachiwiri imadutsa pamene pali potukuka kwambiri. Amayezanso mkono pamene pali ponenepa, msana kuchokera phewa kufika phewa, kutalika kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo payekhapayekha, komanso mbina munthu ataimirira ndiponso atakhala pampando. Muyeso wokhala pansiwu ambiri amaudumpha, chonsecho ndi umene umanena ngati jasi idzatseguka mabatani munthu akakhala mu minibasi.

Patani yawo yoyambira anaitenga pomasula majasi a pa kaunjika n'kujambula zidutswa zake pa mapepala olimba a khaki. Ali nazo za misinkhu ingapo, zokolekedwa pa msomali kuseri kwa chitseko. Posankha yoyambira amayang'ana muyeso wa pamwamba pa chifuwa ndi mapewa basi. Malo ena onse amachita kuwonjezera.

Pa jasi imene tinaonerera ikudulidwa, miyeso m'masentimita inali iyi: pamwamba pa chifuwa 108, potukuka 122, m'chiuno 110, mbina 132, mkono 42. Mapatani ambiri amajambulidwa poganiza kuti kusiyana kwa miyeso iwiri ya pachifuwa ndi masentimita 5 okha. Apa kusiyana kunali 14. Ndiye kuti panafunika kuwonjezera masentimita 9, onse kutsogolo, 4.5 mbali iliyonse, osakhudza msana. Telala anaika kadontho pa pepala pamene pali nsonga ya bere, n'kucheka pepalalo kuchokera m'munsi kukafika pa kadonthoko, kenako n'kukhotera ku mkhwapa, kusiya kachidutswa kosaduka kuti pepala lizitseguka ngati chitseko. Anachekanso kuchokera m'mbali kulunjika pa kadontho komweko. Atatsegula mpata wa masentimita 4.5 kuyambira pa kadontho mpaka pansi, m'mbali munatseguka mpata wina wonga mphanda, umene umasanduka dati, kutanthauza kupinda nsalu n'kuisoka mosongoka kuti itsate kutukuka kwa thupi. Chidutswa cha pakati chinatsala chachifupi, ndiye anachidula mopingasa n'kuchitsitsa kuti chilingane ndi chinzake. Kutsitsa kumeneku n'kofunika kwambiri. Nsalu ikamakwera pa chifuwa chachikulu imadya kutalika, ndipo jasi yosawonjezeredwa kutsogolo imaoneka yokwera pamaondo, yotsika kumbuyo, ngati mwini wake akugwa chagada.

Chimene chinatisangalatsa n'chakuti datiyo sanaisiye m'mbali. Dati yaikulu pa nsalu yolimba imathera ndi kansonga kotukuka, koonekera patali. Iwo anaitseka m'mbalimo n'kuitsegulira kuphewa, kumene imabisala pansi pa chivindikiro cha pachifuwa. Pachikhalidwe chake chivindikirocho chimakhala mbali imodzi, koma iwo amaika mbali zonse ziwiri kuti madati onse abisike. Ukayang'ana jasi yomalizidwa suona dati iliyonse, koma kutsogolo kwake kwagona bwinobwino ndipo mizere ya mabatani yatsika chilili osakhota.

Manja ndi nkhani ina. Mkono wa masentimita 42 umafuna dzanja la jasi la masentimita 50 mpaka 52, chifukwa mkati mudzakhala juzi. Ambiri akaona dzanja likuthina amathamangira kukumba mkhwapa kuti utsike. Mkhwapa ukatsika kwambiri, munthu akangokweza mkono jasi yonse imanyamuka, lamba n'kufika pachifuwa. Awa amautsitsa ndi masentimita 2 okha kuposa wa jekete, ndipo malo amawapeza pa dzanja lenilenilo. Amakonda dzanja loyambira m'khosi, lokhala ndi msoko woyenda pamwamba pa phewa mpaka kumapeto, chifukwa pa msoko umenewo angathe kuwonjezera pamene mkono wanenepa n'kubweza pamene phewa lachepa. Palinso chifukwa china chimene dzanja lotere lilili labwino. Gabardine ndi nsalu yokanika, silola kukwinyidwa kuti ilowe pamalo ochepa, ndiye dzanja lachizolowezi lolowetsedwa mozungulira limatuluka ndi timakwinya pamwamba ngati mutu wake wapitirira mkhwapa ndi masentimita oposa 2 kapena 3. Jasi imodzi mwa zitatu zija inali ya dzanja lotero, ndipo timakwinyato tinalipo, tochepa koma tooneka dzuwa likawomba.

Kumbuyo, mbina ya 132 anaipatsa masentimita 146. Anawonjezeranso kutalika pakati pa msana, pansi pa chiuno, kuti mpindiro usakwere. Siliti ya kumbuyo amaipanga yopitirirana ndi masentimita 7 ndipo pamwamba pake amasoka mzere wopendekeka kawiri. Siliti imene imayasama munthu ataima chilili ndi umboni woti jasi yathina m'mbina, ndipo palibe simbi imene ingaitseke. Pa majasi onse atatu siliti inali yogona.

Jasi ya abambo inali ndi vuto lake. Mimba inali yaikulu kuposa chifuwa, 124 kwa 118. Pamenepa kuwonjezera m'misoko ya m'mbali sikuthandiza, chifukwa mimba ili kutsogolo. Msoko wa m'mbali umakokedwa n'kupendekera kutsogolo, kumbuyo n'kutsala nsalu yopanda ntchito. Anacheka patani ya kutsogolo kuchokera pansi mpaka pachifuwa, kuitsegula pamimba, n'kuwonjezera kutalika masentimita 3 pakati, kumachepetsa mpaka kutheratu pofika m'mbali. Msoko unatsika wolunjika. Pa jasi imeneyi tilibe chodandaula pa kadulidwe.

Salola kudula nsalu yeniyeni asanasoke choyesera. Amagwiritsa ntchito nsalu yakale yoyala pabedi, ya pa kaunjika, ndipo amasoka thupi, dzanja limodzi ndi kolala. Ena amaona ngati n'kuchedwetsa ntchito kapena kufuna kudyerapo, koma nsalu ya mamita anayi ndi theka si yoyeserapo lumo. Poyesa amauza munthu abwere atavala juzi imene azidzavala mkati. "Amayi, takhalani pansi. Tambasulani manja ngati mwagwira wa kabaza. Tsopano kwezani ngati mukusenza beseni." Telala amakhala kumbuyo ndi choko ndi mapini, akuwerenga makwinya. Opingasa ndiye kuti pathina. Otsika chotsika ndiye kuti nsalu yachuluka. Opendekeka amaloza pamene pali vuto, kaya ndi pachifuwa, pamimba kapena pa phewa. Timalamba tolowetsamo lamba samatiika motsatira patani. Amamanga chingwe pa munthuyo, n'kuona pamene chakhazikika chokha, n'kulemba pamenepo. Mwa amayi ambiri a thupi malowa amakhala okwererapo kuposa pamene patani ikunena, ndipo mwa abambo a mimba kutsogolo kumatsika kuposa kumbuyo.

Pa maonekedwe ali ndi maganizo awo, ndipo ambiri tikugwirizana nawo. Mizere iwiri ya mabatani saitalikitsa kupitirira masentimita 13, chifukwa ikatalikirana imakulitsa munthu m'maso. Jasi yachikale imakhala ndi mabatani 10 kutsogolo, koma iwo amaika 8 kapena 6 ndipo amaonetsetsa kuti batani lisagwere pansonga penipeni pa bere. Mkati amaikamo batani limodzi lobisika logwira mbali ya pansi kuti isalendewere. Matumba amawaika opendekeka, chakutsogolo, osati m'msoko wa m'mbali mmene amayasama pa mbina. Lamba ndi wa masentimita 5 m'lifupi, ndipo kutalika kwake ndi muyeso wa m'chiuno kuwonjezera 60, kuti wofuna kumanga mfundo athe kutero. Pamene sitikugwirizana nawo ndi pa timalamba ta pamapewa. Amalangiza aliyense wa thupi kuti atichotse. Munthu wa mbina yaikulu ndi mapewa ochepa, timalambato timamuthandiza kuti kumtunda kulingane ndi kumunsi. Amene ayenera kutisiya ndi wa mapewa otambalala ndi khosi lalifupi.

Tsopano zolakwika, ndipo si zochepa.

Kolala ndiyo nkhope ya jasi imeneyi, koma ndi pamene ntchito yawo yafooka kwambiri. Mkati mwa kolala ndi m'mbali zopindika za pachifuwa amaikamo nsalu yolimbitsa, ija yomata ndi simbi. Simbi yawo ndi ya makala, moto wake umakwera n'kutsika, ndipo mnyamata amaiyendetsa ngati akusita malaya. Nsalu yomatayi sifuna kusitidwa. Imafuna kudindidwa: kuika kansalu konyowa pamwamba, kutsindika simbi malo amodzi masekondi 10 mpaka 15, kuinyamula, kuika pena, kenako kusiya chidutswacho chizizire osachigwira. Jasi imodzi imene yachapidwapo kawiri kolala yake yatuluka matuza ngati khungu lopsa, ndipo matuza amenewa sabwereranso. Ngati simbi ndi yomweyo, n'kwabwino kupempha kuti aike nsalu yolimbitsa yochita kusokerera. China, kolala ya pansi amaidula yofanana ndendende ndi ya pamwamba. Imayenera kuchepa ndi mamilimita 3 kuzungulira, kuti msoko ubisale kunsi ndipo nsonga zigone. Pa jasi ya abambo ija nsonga za kolala zadzuka ngati makutu a kalulu.

Mabowo a mabatani nawonso akukhumudwitsa. Makina awo akuluakulu ndi opalasa, akuda aja, osoka mzere wowongoka wokha. Mabowo amawapangira pa kamakina ka magetsi, ndipo ulusi wake ndi wotalikirana moti nsalu ikuonekera pakati. Amawatsegula ndi lezala, ndipo pa mabowo awiri lezala inadula ulusi wa kumapeto. Pa munthu wa thupi bowo la pamimba ndi limene limakokedwa kwambiri, choncho ndi loyamba kung'ambika. Chodabwitsa n'chakuti njira yabwino ali nayo m'manja. Mabowo otchingidwa ndi tinsalu tiwiri, ofanana ndi kathumba kakang'ono, amasokedwa pa makina opalasa omwewo ndipo safuna magetsi. Amadya nthawi, ndiye amawapanga pokhapokha mwawauza ndi kuwonjezera kangachepe. Batani la masentimita 2.5 limafuna bowo la pafupifupi 2.8, logona chopingasa. Muwakumbutsenso kusokera kabatani kakang'ono kuseri kwa batani lililonse lalikulu, chifukwa pa majasi awiri munalibe, ndipo nsalu yayamba kale kutukuka pamene ulusi ukukoka.

Nsalu ya mkati amaidula yofanana ndi ya kunja. Izi n'zolakwika pa jasi iliyonse, koma makamaka pa yaikulu. Nsalu yoterera ija sitamuka, ndiye munthu akatambasula manja ndiyo imayamba kuphulika kumsana ndi m'khwapa. Pakati pa msana pamafunika kupinda nsalu yotsala ya masentimita 2 kapena 3, yotseguka munthu akawerama, ndipo m'munsi iyenera kukhala yomasuka pang'ono kuti isakoke mpindiro. Jasi imodzi ya amayi yasokedwa kale chigamba m'khwapa. Matumba akenso mkati anawapanga ndi nsalu yotererayo, imene makiyi amaiboola mwezi usanathe. Pemphani kuti aikemo nsalu ya thonje yolimba ndipo thumba likhale lakuya moti foni ilowe yonse.

Misoko yooneka kunja ndi yowongoka, pamenepa tiwayamikire. Amasoka ndi singano ya nambala 16, ndipo chosinthira cha makina amachiika pa 8, kutanthauza misoko 8 pa inchi imodzi, kuti mzere uoneke bwino. Pamene nsalu zasanjikizana zambiri, monga pa timalamba ndi pa ngodya za kolala, amayamba apamenya ndi hamala pa thabwa, ndiponso amaika kansalu kopinda kuseri kwa phazi la makina kuti lisapendekeke n'kudumpha. Koma simbi ija yasiyanso chizindikiro: pa jasi yakuda misoko ikunyezimira, chifukwa anasita kunja popanda kansalu pakati. Nsalu ya mizere yopendekeka ngati gabardine ikapsa chonchi sichira msanga. Mtundu wa khaki umabisa vutoli kuposa wakuda kapena wabuluu wakuda.

Nsalu sagulitsa, mumabwera nayo nokha, ndipo ambiri amakaigula ku Limbe. Musapite musanayezedwe. Munthu wochepa thupi mamita 3.5 a nsalu ya masentimita 150 m'lifupi amamukwanira, koma pa miyeso ngati ili pamwambayi, jasi yofika pansi pa maondo imafuna mamita 4.5, ndi mamita 3 a nsalu ya mkati. Chifukwa chake n'chakuti nsalu ikapindidwa pawiri imatsala masentimita 75, ndipo chidutswa cha kutsogolo, chimene n'chotambalala kale chifukwa cha kupitirirana kuja, sichingagone pambali pa cha kumbuyo. Chilichonse chimadya utali wakewake. Mukabwera ndi nsalu yopereweza, telala amakakamizika kupendeketsa zidutswa kuti zikwane, ndipo dzanja lodulidwa mopendekeka limapotoka mpaka kalekale. Awa amakana ndithu kudula nsalu yosakwana. Nsalu ya thonje muichape kaye ndi kuiyanika musanaipereke, apo ayi jasi idzafupika pa kuchapa koyamba, nsalu ya mkati n'kumasuzumira pansi. Yosakaniza thonje ndi poliyesitala, yonga ya mathalauza a yunifolomu koma yokhuthalako, sifupika kwenikweni ndipo imauma msanga, zimene n'zofunika kuno kumene chovala chikhoza kukhala pachingwe masiku atatu osauma.

Mabatani ndi chomangira lamba n'zovuta kupeza zabwino. Njira yachidule ndi kugula jasi yotha ntchito pa kaunjika, ya mtengo wogwa madzulo, n'kuchotsako mabatani onse ndi zomangira zitatu, cha m'chiuno ndi ziwiri za m'manja. Zachitsulo chopepuka zisiyeni. Chinyezi cha kuno chimazichititsa dzimbiri, ndipo dzimbiri likadontha pa nsalu ya khaki silichoka.

Wina asanamizidwe kuti jasi imeneyi ndi ya mvula. Nsalu yolukidwa mothithikana imatchinga mphepo ndi kamvula ka chiperoni, ulendo wa kabaza kuchokera ku Chitakale kupita ku boma kapena kudikira minibasi ya ku Luchenza m'mawa. Mvula ya Januwale, ija yotsika m'phiri ngati akukhuthula ndowa, idzakunyowetsani mpaka mkati. Ena amabwera ndi nsalu yokutidwa ndi pulasitiki pofuna kuthana ndi zimenezi. Matelalawa amailandira monyinyirika, ndipo akulondola: paliponse pamene singano yalowa pamatsala bowo, msoko ukalakwika sungamasulidwe osasiya zipsera, simbi siyandikira, ndipo munthu wa thupi amasamba thukuta mkati mwake asanafike patali. Amene amakwera njinga kawirikawiri asapitirize kutalika kwa jasi kufika pa akakolo, chifukwa m'munsi mwake mumakodwa m'masipoko.

Ntchito yonse imatenga masabata awiri kapena atatu, ndipo mumapitako katatu: kukayezedwa, kukayesa choyesera, ndi kukayesa jasi yeniyeni asanaike nsalu ya mkati ndi mabatani. Ulendo wachitatuwu musaudumphe, chifukwa mabowo akangotsegulidwa palibenso chosintha. Amafuna theka la ndalama poyamba. Mukaphatikiza nsalu, ulendo wa ku Limbe ndi malipiro awo, mtengo umaposa kutali wa jasi ya pa kaunjika, ndipo munthu amene thupi lake limakwana zovala za pamsika alibe chifukwa chodzivutitsira. Koma kwa amene wakhala zaka akuvala jasi yosatseka, kadulidwe ka pano n'koyenera ndalamayo, bola apite akudziwa zoti anene: nsalu yolimbitsa yosokerera, mabowo otchingidwa, nsalu ya mkati yopindidwa kumsana, ndi kansalu pansi pa simbi. Nthawi yabwino yopereka ntchito ndi Epulo, kuzizira kusanayambe. Chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala tebulo lawo limadzaza mayunifolomu a sukulu, ndipo jasi yanu idzagona m'jumbo pansi pa makina mpaka ana atatsegulira.